Bambo Ayambanso Kukangana

14 Okutobala

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife kuno tilipo. Ndikanaimba foni, koma mukundidziwa, ndikasangalala mawu amapondana m'kamwa. Achemwali, bambo ayambanso kukangana!

Mukukumbukira mmene analili chiyambireni vuto la maso lija. Munthu woti anakalambira ku ntchito yosindikiza mabuku, woti ankapeza zolakwika ngakhale pa chikwangwani cha m'sitolo, ankangokhala duu pampando wa pazenera. Nyuzipepala ankangoigwira, kuitembenuza, n'kuipinda. Ndikati ndiwawerengere, ankati ndimathamanga ngati ndasiya mkaka pamoto. Wailesi anaikana, ati imakusankhira nkhani, ndipo ukapanda kumva siibwereza.

Mwezi watha kuntchito kwa alamu anu anasintha makompyuta, ndiye anawapatsa laputopu yakale. Ndi yolemera ngati mwala, batire lake silichedwa kutha, koma sikirini yake ndi yaikulu. Ine ndinkaifuna kuti ndizionerapo masitayilo a zovala zoti ndizisoka ku shopu. Tsiku lina ndikuyang'ana kolala ya diresi la mkwatibwi, ndinadina mabatani kuti chithunzi chikule, zilembo nazo n'kukula, chilichonse ngati chala chachikulu. Bambo anali kumbuyo kwanga ndi kapu yawo ya tiyi. Ndinangomva akuti, "Mawu awo alakwitsa. Pakusowa chilembo."

Ndinatembenuka msangamsanga. "Bambo, mukuona?"

"Ndikuona kuti amene analemba apa kusukulu ankangotsagana ndi anzake. Tasuntha ndikhale."

Kuyambira tsiku limenelo laputopu ija ku shopu sinapondeko. Ndinawaphunzitsa kutsegula masamba a nyuzi ndi kukulitsa zilembo, ndipo sabata isanathe anali atayamba kundiphunzitsa ine.

Tsopano pakhomo pano pali nkhondo ya mabulawuza, timapulogalamu totsegulira masamba a pa intaneti tija. Alamu anu anaikamo yawo imene amaitama kuti ndi yachangu. Bambo anaiyesa tsiku limodzi n'kubwerera ku yomwe inalimo kale, chifukwa ili ndi kabatani kochotsa zotsatsa malonda zonse n'kusiya mawu okhaokha, akuda pa tsamba loyera, ngati buku. Alamu anu anati, "Koma bambo, imeneyo imachedwa." Iwo anati, "Ndikuthamangira kuti, mkamwini? Ine ndinapuma ntchito. Yanuyo ndikati ndiwerenge za mtengo wa mafuta, ikundigulitsa nsapato." Masamba amatsegula ambirimbiri mpaka makina kuyamba kupuma mwaphuma, koma yesani kutsekapo limodzi muone. Ati, "Lisiye, ameneyo sindinathane naye."

Aneba athu, adalaivala opuma aja, ayambiranso kubwera masana. Amakhala awiriwiri kutsogolo kwa sikirini, wina akuti zosamutsa siteji ya maminibasi n'zanzeru, wina akuti amene anaganiza zimenezo sanayendepo wapansi mvula ikugwa. Mawu amamveka mpaka kumsewu. Dzana anatsutsana kwambiri za chithunzi cha mlatho wogumuka, bambo akuti n'chopangidwa ndi kompyuta chifukwa munthu wina pamenepo anali ndi zala zisanu ndi chimodzi kudzanja limodzi. Adalaivala ananyamuka atakwiya, chipewa n'kuiwala, m'mawa mwake n'kubweranso ati adzatenga chipewa, n'kukhala mpaka madzulo.

Chinandiseketsa kwambiri ndi ichi. Bambo analemba ndemanga pansi pa nkhani ya maenje a mumsewu, akudina ndi chala chimodzi, mphuno ili pafupi ndi kiyibodi. Wina anawayankha kuti, "Iwe mwana wa dzulodzuloli ukudziwa chiyani?" Achemwali, bambo anaseka mpaka kutsokomola! Anandiuza kuti ndisafufute, akufuna alongo athu akabwera adzaone.

Kuchipatala tinapita Lachiwiri. Adokotala anayankhula zambiri, ndidzakufotokozerani bwino tikadzaonana, si za m'kalata. Mankhwala odontheza m'maso akulandirabe. Kungoti sabata ino zilembo ndazikulitsanso, moti tsopano mawu ochepa okha akumadzaza sikirini yonse. Alamu anu apezamo njira yoti makinawo aziwerenga okha mokweza, ndipo tayamba kuwazoloweza pang'onopang'ono. Bambo akuti mayi wa m'kompyutamo amayankhulira m'mphuno, komabe dzulo ndinawapeza atatsinzina, akumumvetsera, n'kumamuyankha.

Ndili ndi zopempha ziwiri. Choyamba, mukapeza mahedifoni ofewa, aakulu ophimba khutu lonse, mutitumizire, chifukwa timene timalowa m'khutu timawapweteka. Chachiwiri ndiye chachikulu. Laputopuyi ili ndi kamera, ndipo nkhope imaoneka yaikulu kuposa pa foni. Chonde tiimbireni pa vidiyo Lamlungu likubwerali masana, kukuwala. Ndikudziwa mumatanganidwa ndipo munati mudzabwera pa tchuthi, koma musadikire tchuthi, achemwali. Mudzakhale moyang'ana zenera kuti kuwala kukumenyeni kumaso, muvale zowala, ndipo ana azibwera mmodzimmodzi, asamadumphedumphe.

Alamu anu akupereka moni, ati nkhondo ija agonja. Adalaivala nawo akuti ndikupatseni moni. Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse, muwauze kuti amayi awo aang'ono awasowa.

Bambo ndawafunsa ngati ali ndi mawu. Akuti ndilembe kuti ali bwino, musadandaule. Akutinso khanda lanulo, poti sanalionepo, mudzalisendeze pafupi kwambiri ndi kamera, ndipo musadzafulumire kulichotsa. Akufuna adzalione bwinobwino kuti adzalisunge m'maganizo.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,
Telala wa pakhomo