Amayi Azinga Sajeni

Mitundu,
12 Okutobala 1995

Wokondedwa mlongo wanga Eneless,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana ku Zombako. Ife kuno tilipo, kungoti fumbi la choko likundikhosomoletsa monga mwa masiku onse. Mlamu wako Elube akuti moni.

Tsopano ngati wagwira jakisoni, yamba waika patebulo. Abambo amanga katundu. Akuti akubwerera kwawo ku Malingunde, atakhala pachikamwini ku Nathenje mpaka imvi.

Ukuzidziwa nkhuku zawo zakuda za mikolongwe zija, zosadya, zosagulitsa, zongoyang'ana. Ukumudziwanso Sajeni, tambala amene amamupukuta miyendo ndi kansalu, chikhalirecho ife ana awo tinkapita kusukulu ndi zikang'a.

Mwezi watha mlangizi wa ziweto, mayi Jacinta, analengeza kutchalitchi kuti aliyense wosunga nkhuku, abakha kapena nkhunda akalembetse ku ofesi ya zaulimi, ngakhale woweta zongosangalala nazo. Anati munthu atchule dzina lake, mudzi, kuchuluka kwa nkhuku ndi mtundu wake, kuti katemera wa chitopa akabwera adziwe makomo ofikako. Abambo anakondwa. Anati boma lachedwa kumudziwa Sajeni.

Koma uthengawo pofika kumjigo unali utamera nyanga. A Felesiya, a nyumba yoyandikana ndi yathu aja, anafunsa amayi kuti boma latsopanoli lifuniranji kudziwa mtundu wa nkhuku ya munthu. Anadziyankha okha kuti likusaka makomo amene akusungabe tambala wakuda, chizindikiro cha chipani chakale. Kale ankalemba opanda khadi, lero akulemba okhala ndi tambala.

Usaseke. Inenso ndinayamba kuseka, kenako ndinakumbukira kuti amayi anaona malume athu akukwezedwa mu Landirova dzina lawo litangolembedwa, ndipo mpaka lero sitidziwa manda awo.

Lachiwiri la sabata yatha abambo anabwera kuno panjinga kudzabwereka tayi yanga yoti akavale polembetsa. Kumbuyo kwawo amayi ndi a Felesiya anagwira mipeni. Zonse, Eneless, ndi misoti yomwe! Nthenga anakakwirira kudimba.

Abambo atabwerera anapeza nkhuku m'mbale. Anafunsa ngati kwabwera mlendo, amayi anangoti idyani. Anadya, anayamikira, anapemphanso mwendo wina. Atasamba m'manja ndi pamene anapita kukatseka khola.

Nditamva, ndinakafika ku Nathenje Loweruka. Sanalalate, ndipo bola akanalalata. Anali atakhala pakampando moyang'ana khola, tayi yanga ili pamwendo. Mawu okha amene anandiuza ndi oti anapempha mwendo wachiwiri ndi pakamwa pawo.

Mayi Jacinta anatipeza pomwepo, atanyamula katemera m'fulasiki. Pakhomo ponse anapeza bakha mmodzi woyera. Atamva nkhani anakhala pamtondo atagwira pakamwa, ndipo anati m'mudzi momwemo atambala akuda ena anayi apita mwa njira yomweyo. Analumbira kuti buku lake silifika n'ku Lilongwe komwe, limangokhala m'kabati momwe mukulowa mbewa.

Ine ndi maphunziro anga akukoleji ndinawakhazika amayi pansi n'kuwafotokozera za demokalase, mfundo yoyamba, yachiwiri. Anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kundifunsa ngati demokalaseyo yabweza mlongo wawo. Phunziro linathera pomwepo.

Pempho langa ndi ili. Paja utabereka Pempho, abambo anakupatsa msoti ndi katambala, mwana wa Sajeni, kuti ikhale mbewu ya mdzukulu wawo. Ngati alamu sanamudye pa Khirisimasi, chonde bwera naye, pamodzi ndi thadzi limodzi. Usatumize kondakitala. Ubwere wekha, abambo sakukanira iwe.

Nthawi ilipo pang'ono. Akuti anyamuka akangomaliza kufolera nkhokwe ya amayi, poti sangasiye mkazi chimanga chikunyowa. Waona ukali wa bambo ako? Ine ndanong'oneza omweta udzu kuti zikwakwa zawo zibunthe kaye, koma mitambo yayamba kale kusonkhana cha ku Dzalanyama.

Pobwerera amayi anandiperekeza mpaka kumsewu. Basi ikuonekera, anandigwira dzanja n'kunena kuti ndikuuze ubwere nayedi tambalayo, akhale wakuda bii, monga abambo amakondera. Ndinayesa kuti phunziro langa lija lalowa. Ayi ndithu. Anati ku ofesiko akapita okha, ndipo akalembetsa dzina lawo, Esitere, kuti Landirova ikadzabwera idzatenge iwo, abambo atsale ndi nkhuku zawo.

Ambuye akusunge paulendo. Undiperekere moni kwa alamu, ndipo Pempho umuuze kuti agogo ake akungobwereka, adzabweza ndi anapiye.

Ine mlongo wako,
Tikondane