Chipepala cha Kuchipinda kwa Mwana Ndatenga Ndine

Bambo a mwana,

Musadzidzimuke mukapeza khoma la kuchipinda kwa mwana lili mbee. Chipepala chija ndamatula ndine, ndapita nacho kuyunivesite. Pepani, ndikudziwa munati chisachoke mpaka mwini wake adzabwere kutchuthi.

Mayeso ndi Lachisanu, koma ophunzira anga akungoloweza manotsi ngati nyimbo. Dzulo nditawafunsa kuti impso zimagwirizana bwanji ndi kuthamanga kwa magazi, onse anangoti kukamwa yasa. Ndikufuna aone mmene mwana wanu ankachitira akadali pasukulu: mutu waukulu pakati, timitu ting'onoting'ono m'mbali, mivi yolumikiza, ndipo pa muvi uliwonse mawu onena mgwirizano wake. Akaona cha wophunzira mnzawo, mwina asiya kuyesa kuti ndi matsenga a aphunzitsi.

Pomatula, penti yasupuka pang'ono. Musakalipe, khomalo linali lotopa kale ngati inu nomwe.

Kumunsi kwa pepalalo, komwe kunkabisika ndi kabati, ndapeza zomwe sitinazionepo. Anajambula kabwalo n'kulembamo "Ababa". Muvi wina ukuloza pa "tiyi wozizira", wina pa "kundifunsa mafunso pomwe mayankho sakuwadziwa". Ndinangokhala pabedi pake mpaka basi yoyamba kundisiya. Miyezi isanu ndi itatu chipitireni mwanayu kuntchito kutali kuja, koma pilo wake akununkhirabe mafuta ake a m'mutu.

Muimbireni masana ano, musadikire kuti ayambe ndiye. Pepala ndibwera nalo madzulo. Kangodya kanuko ndakapindira kumbuyo, ophunzira sakaona. Kameneko n'kathu.

Ine mayi a mwana