Samu Yolakwa Pakhutu pa Bambo

Lachinayi, 9 Meyi

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti inu, alamu ndi ana muli bwino. Kalata yanu ndinailandira, ndipo sindibisa, inandipsetsa mtima. Munalemba kuti chigwereni ndi sitiroko Bambo anapita kale, chatsala pabedi ndi thupi chabe, ndiye mudzabwera ulendo umodzi, wa maliro. Ndinafuna kukuyankhani tsiku lomwelo, koma Amayi anati mtima uyambe wazizira. Anachita bwino, chifukwa lero ndili ndi nkhani imene mpaka pano ikundinjenjemeretsa.

Dzulo m'mawa m'chipinda cha Bambo munabwera dokotala wa za ubongo, mayi wamfupi wolankhula modekha. Anawaveka kachipewa kodzaza ndi timawaya, n'kupaka timafuta tozizira paliponse pamene waya wakhudza khungu. Amayi anangoti kukamwa yasa, kenako n'kudandaula kuti tsitsilo analipesa kumene. Pa kompyuta panayamba kuyenda mizere yokwera ndi kutsika. Adokotala anatifotokozera kuti ubongo umatulutsa timagetsi tochepa kwambiri. Munthu akangokhala phee, mafunde ake amakhala aakulu, oyenda mwaulesi, koma akaika mtima pa chinthu, monga kuwerengera samu m'mutu, amachepa n'kuyamba kuthamanga. Atamva kuti Bambo anali mphunzitsi wa masamu, anati tiyese zomwezo.

Anayamba ndi adokotalawo kuwafunsa Bambo. Mizere inasintha pang'ono, koma osati moti munthu n'kukhulupirira. Ndiye anati mawu a mwana wawo angathandize: ndizinena samu pakhutu, ndidikire pang'ono, kenako ndinene yankho. Achimwene, mwa ana onse a Bambo, ntchito imeneyi n'kugwera ine! Mukudziwa kuti masamu ndi ine sitimwerana madzi. Ndinayamba ndi zophweka. Kenako ndinati seveni kuchulukitsa ndi eyiti, n'kudikira, n'kuyankha molimba mtima kuti fifite-folo.

Amayi sanamve cholakwika, ine ndiye ngakhale pang'ono. Koma adokotala anaweramira pa kompyuta. Mafunde aakulu aja anali atazimirira, patangotsala timafunde tothinana, ndipo sanabwerere msanga monga ankachitira ndikayankha bwino.

"Mwati fifite-folo?" anandifunsa chapansipansi. "Ndi fifite-sikisi. Musakonze ayi. Pitirizani, zina muzilakwitsa mwadala."

Kulakwitsa ndiye sikunandivute. Tinabwereza kambirimbiri, zolondola ndi zolakwa mosakaniza, ndipo pafupifupi nthawi zonse ndikaphonya mizere inkachita chimodzimodzi. Nkhope ya Bambo sinasinthe, chala sichinagwedezeke, koma m'mutu umenewo munali munthu akuwerengera, akugwira mwana wake akulakwitsa. Sindinaonepo chinthu chodabwitsa chotere, kuti maganizo a munthu n'kuoneka ndi maso akuyenda pagalasi. Ndinalira, koma sichinali chisoni.

Adokotala sanatilonjeze kuti Bambo adzadzuka kapena kulankhula, ndipo inenso sindikulonjezani. Anangoti akumva, akuganiza, ndipo tingathe kuwafunsa zinthu zing'onozing'ono. Anawauza pakhutu kuti akafuna kuvomera aziwerengera samu m'mutu, akafuna kukana azingopuma. Tinawayesa ndi zimene tikuzidziwa kale, dzina lawo, dzina la Amayi, ndipo sanaphonye. Amayi atafunsa ngati akumva kupweteka, mafunde anakhalabe aakulu, aulesi. Amayi anagwira chitsulo cha bedi n'kukhala pansi.

Tsono achimwene, sindikupemphani kanthu kena. Pemphani tchuthi kuntchitoko mubwere akadali kumva. Amatopa msanga, ndipo adokotala akuti sitingadziwe kuti zikhala chonchi mpaka liti. Kachipewako adzakabweretsanso sabata yamawa. Inu ndi amene munkakhala nawo pa masamu ovuta aja ife tikuyasamula, ndipo sibwino kuti azingomva zolakwa zanga zokhazokha.

Amayi akupereka moni kwa inu, kwa alamu ndi kwa adzukulu awo. Azakhali nawonso akuti moni. Asanawavule kachipewako, ndinawauza Bambo kuti ndikulemberani kalata, n'kuwafunsa ngati ndiikemo moni wawo. Ndinayang'ana pa kompyuta, achimwene, ndipo Bambo anali akuwerengera.

Landirani moni wa Bambo.

Ine mlongo wanu,
Chitsirizira