Sutikesi ya Guled

Lolemba, 3 Febuluwale

Chipale chofewa mpaka m'mawondo, Minneapolis yonse mbuu. Guled, mwana wanga, pa windo kuyambira m'mawa, kugwedeza zala pafupi ndi maso. Zaka zinayi, liwu ngakhale limodzi ayi. Ndagwada pambali pake, nane zala m'mwamba, kuti ndione chomwe amaona. Kuwala kumadukaduka pakati pa zala. N'kokongola ndithu, ndisaname. Ayeeyo, apongozi anga, andipeza choncho. "Amisala akwana awiri tsopano m'nyumba muno."

Kalata ya kuchipatala yafika. Akamuyeze pa 11 Malichi. Miyezi isanu ndi inayi ndili pamzere. Koma Ayeeyo akubwerera kwathu kwa Asomali, ku Burco, pa 26 mwezi uno, Ramazani isanayambe, ndipo akufuna apite ndi mwana. Chaka chimodzi basi, akutero. Dzuwa, mkaka wa ngamila, shehe azimuwerengera Kurani. Warsame, bambo ake, wavomera pa foni, ali mu thiraki uko ku Nebraska. Kuvomera pa foni sikuvuta.

Lachinayi, 6 Febuluwale

Aphunzitsi ake akuti mwina ndi otizimu, vuto lija limavutitsa mwana kulankhula ndi kucheza ndi anthu. Ayeeyo m'manja phaa. "Matenda a dziko lozizira amenewo. Kwathu kulibe. Unamvapo mwana wa ku Burco ali ndi zimenezo?" Sindinamvepo, zoona. Koma chifukwa chake n'chiyani? Dzuwa? Chakudya? Funsoli latsuka nane mbale, lachapa nane zovala.

Guled wadya mpunga woyera wokhawokha, nthochi wakankhira kutali. Msomali wokana nthochi pa mpunga! Ndaseka ndekha. Masipuni onse wawandandalika pa kapeti, aang'ono kutsogolo. Ndasuntha imodzi mwadala. Wabwezera pamalo pake osandiyang'ana n'komwe.

Lachisanu, 14 Febuluwale

Kwa Hibaaq, kukabwereka poto wamkulu. Zaka zisanu ndi chimodzi tikudziwana, mzikiti umodzi, ana ake atatu ndimawadziwa mpaka saizi ya nsapato. M'chipinda chamkati wina akung'ung'udza, ndendende Guled. Kani ali ndi wachinayi! Sagal, wa zaka 13, wamtali kundiposa. Hibaaq wandigwira dzanja mpaka kuwawa. "M'bale wanga, ukauza anthu, azing'ono akewa adzakwatiwa ndi ndani?"

Nayenso anamutumiza kwawo, zaka ziwiri zathunthu. Ndafunsa ngati zinathandiza. "Anabwera wonenepa." Watsanulira tiyi.

Ndingamuweruze ine? Ku mzikiti akandifunsa ndimati Guled ali ndi chimfine. Chimfine cha zaka ziwiri! Pobwerera ndimayang'ana mawindo a nyumba zosanjikizanazi, makatani otseka masanasana. Alipo angati ena? Manyazi andigwira. Poto ndamuiwala komweko.

Loweruka, 22 Febuluwale

Sabata yonse osalemba. Ndikanalemba chiyani. Sutikesi ndalongeza ndekha, ndi manja angawa. Warsame pa foni: "Mayi anga analera ana asanu ndi atatu, iwe mmodzi yekhayu wakuzungulitsa mutu."

Mantha mbali zonse ziwiri. Akapita, ndani adziwe kuti akagwira makutu ndiye kuti phokoso likumupweteka? Kuti akakukoka chala ndiye ludzu? Nanga akatsala, n'kudzamva kuti wa uje anabwerako akulankhula? Sungandikhululukire, Guled. Ndamufunsa mwiniwake. "Hooyo, mwana wanga, ukufuna kupita?" Watenga dzanja langa, waliika pa chitseko cha furiji.

Lachiwiri, 25 Febuluwale

Masana. Ayeeyo apaka hina, utoto wa m'manja uja, ya paulendo, manja m'mwamba kudikira iume. Guled pa windo ndi zala zake. Amuyang'ana nthawi yaitali. Kenaka, ngati akudzilankhula okha: "Jaamac ankachita chomwechi."

Jaamac ndani? Mlongo wawo, wamng'ono. Zaka khumi ndili m'banja lino, dzinali sindinalimvepo. Ndafunsa pang'onopang'ono, kuopa angatseke pakamwa. Sankalankhula. Ngamila zinkamutsata pambuyo, ngakhale zolusa. Akayamba kuyenda sankadziwa kubwerera, ndiye akamapita kotunga madzi ankamumanga mwendo pamtengo.

Ku Burco komweko. Padzuwa. Mkaka wa ngamila m'mawa ndi madzulo.

Ndafunsa kuti ali kuti panopo. "Chingwe chinaduka tsiku lina. Tinamufuna masiku anayi." Anali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Ayeeyo adzuka, akasamba m'manja hina isanaume.

Lachitatu, 26 Febuluwale

Ndege ndi ya 4 koloko. M'mawa ndakokera sutikesi pabalaza, pamaso pawo, ndatsegula. Chovala chimodzichimodzi, kubweza mu dilowa. Ndimadikira kuti andikalipire. Iwo pampando, tasibihi, mikanda yopempherera ija, m'manja, kungoyang'ana. Nditafika pa nsapato: "Zimenezo zisiye momwemo, zinamuthina kale. Kuli ana kumeneko." Basi.

Pakhomo, takisi ikudikira pansi, ampsompsona Guled pamutu. Iye wawakankha monga mwa masiku onse. Sanakwiye. Anditembenukira. "Mwanangu, chitseko uzikhoma. Makiyi pamwamba, pomwe safikira." Ndalira m'chikepe monse potsika, sutikesi yopepukayo ili m'manja.

Makiyi ndakoleka pa msomali wa kalendala. Guled wawayang'ana, wayang'ana mpando. Ndidzafunse kuchipatala kuti ena amachita bwanji. Ndimuuzenso Hibaaq tsiku loyezetsalo, mwina tingapitire limodzi.

Foni ikulira kachitatu. Warsame. Akuganiza kuti mwana ali pa bwalo la ndege. Za amalume ake a Jaamac, kaya anamvapo? Ndiyambira pamenepo, kenaka ndimuuza kuti mwana sanapite.