Amuna anga akukana zoti anditseke mitsempha

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 34, wa ana atatu, ndipo ndimaluka tsitsi pa saluni ina ku Biwi kuno. Chibadwire mwana wanga womaliza mu 2003, m'munsi mwa mimba simundipatsa mtendere. Si ululu wobaya ayi, koma kulemera, ngati ndamangirira mwala pachinena. M'mawa ndimadzuka bwinobwino, koma pofika madzulo ndimaluka nditayedzamira mpando wa kasitomala. Ndikagona chagada ululu umachepa. Tikakhalira limodzi ndi bambo a kunyumba, umandigwira mpaka mawa lake.

Kukiliniki kulikonse amangondipatsa mankhwala a matenda opatsirana pogonana, ndi kapepala koti amuna anga, a Anock, akalandirenso. Kapepala kachitatu ndinawaponyera kumaso. Ndinawanena zambiri zoti akuyenda ndi akazi ena, Aphungu, ndipo miyezi iwiri ndinkagona kuchipinda kwa ana. A Anock anangoti, "Mayi a Tiwale, tiyeni tikayezetse tonse, chilichonse chimene mukufuna." Tinayezetsa, sanatipeze ndi kanthu. Mpaka lero ndimachita manyazi.

Mwezi watha dokotala wa amayi anandiunika ndi makina, anaonanso timitsempha totupa kuntchafu kwanga. Anandiuza kuti, "Mitsempha yozungulira chiberekero yatupa, magazi akungodikha m'menemo. Ikhoza kutsekedwa osakung'ambani, koma zimenezi amachita kunja." Ndinalira pomwepo, chifukwa kanali koyamba munthu kunditchulira chimene ndikudwala. Mlamu wanga Queen, yemwe ndi namwino ku Joni, wapeza kale chipatala ndipo akuti ndibwere.

Koma a Anock atangomva mawu oti kutseka, nkhope inasintha. Anati, "Zotseka ayi. Tinagwirizana kuti tidzaonjezera kamwana kena." Apongozi anganso akuti magazi akasowa podutsa chiberekero chidzawola. Ine ndikufuna kupita, koma nditawanamizira chonchija ndilibe nkhope yolimbana nawo. Kodi ndingonyamuka ngati ndikukaona mlamu, adzamve zonse zitatha?

Z.M., Biwi, Lilongwe

Mayi Z.M.,

Mobisa ayi. Banja lanu lavulala kale ndi kukayikirana, musalionjezere bodza. Ndipo simukufunika kubisa, chifukwa mkanganowu ndi wa mawu amodzi basi.

Ife tikamva kuti mayi watseketsa, timaganiza za kulera kosatha. Kumeneko amatseka njira zimene dzira limadutsa. Zimene akunena dokotala wanu n'zina. Ndafunsa kwa odziwa, ndipo andifotokozera motere. Mitsempha imene imabweza magazi kumtima ili ndi tizitseko toletsa magazi kubwerera pansi. Mwa amayi ena, makamaka amene abereka kangapo, tizitsekoto timafooka, magazi n'kumaunjikana, mitsempha n'kutupa. N'chifukwa chake mumamva kulemera mukaimirira nthawi yayitali. Pochiza, amalowetsa kapaipi kowonda mumtsempha wa pakhosi kapena wa m'mphechepeche, n'kukaika timawaya topotana mumtsempha wowonongekawo kuti utsekeke. Magazi sasowa podutsa, amatsata mitsempha ina yabwino. Chiberekero sachichotsa, njira za mazira sazikhudza, ndipo alipo amayi amene atenga pakati pambuyo pake. Apongozi anu muwauze zimenezi mwaulemu.

Choyamba, pepesani kwa amuna anu, ngati simunatero ndi pakamwa panu. Munthu amene munamuponyera kapepala kumaso, iye n'kukuperekezani kukayezetsa, si mdani wanu. Akuopa, ndiponso mwina bala lija silinapole. Mukatero, atengeni mupite nawo kwa dokotala uja. Funso la mwana wina alifunse okha, yankho alimve ndi makutu awo. Mufunsenso ngati n'kwabwino kubereka kaye kapena kuchiritsa kaye, pakuti mimba ina ikhoza kutupitsanso mitsempha.

Musanakwere basi, pemphani kalata ya dokotala ndi zotsatira zonse, muwatumizire a Queen kuti madokotala a kumeneko azione kaye. Adzafuna kukuunikaninso kuti atsimikize kuti palibe china chikubweretsa ululuwo. Pakadali pano funsani za mankhwala ochepetsa vutoli, chifukwa alipo. Kusaluniko pezani mpando wautali muziluka mutakhala, ndipo masana muzigona pang'ono miyendo ili m'mwamba.

Ndisakunamizeni kuti aliyense amachira kotheratu. Ambiri ululu umachepa kwambiri, ena umatsalako. Koma zaka zinayi mwakhala mukumwa mankhwala a matenda amene mulibe, ndiye muli ndi ufulu wonse wofuna thandizo lenileni, ndipo munene zimenezi mosachita manyazi.

Chenjezo langa ndi ili: musamagule makapisozi a pamsika, sangaphwetse mtsempha. Ndipo ululu ukasintha n'kukhala wobaya, kapena mukaona magazi osayembekezeka, kutentha thupi kapena zotuluka zonunkha, musanene kuti ndi mitsempha ija. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo.