Tamara Musamukweze Basi

Luwinga,
Mzuzu.
9 Julayi 2024

Achemwali anga a Jenet,

Landirani moni wochokera kuno ku Mzuzu. Muli bwanji kumeneko ku Mponela? Mwendo wa amayi uja unasiya kutupa, kapena akulimbikirabe kupita kudimba ngati mtsikana? Nanga alamu ndi ana? Ine m'thupi ndili bwino, kupatula chimfine cha kamvula kowaza ka kuno, komwe sikadziwa kuti mu Julayi anthu amafuna kuyanika zovala. Mumtima ndiye simuli bwino. Musadabwe kuti ndalemba kalata ngati kale m'malo moyimba. Foni ndinaizimitsa Lachinayi, ili pansi pa matiresi.

Ndiyambe ndi chachikulu, mungatope ndi kuwerenga musanachipeze. Sukulu ikatsekera, mwana wanga Tamara musamukweze basi yobwera kuno monga tinagwirizana. Bambo ake, a Fyson, adziwa kumene ndili.

Ndikudziwa kuti muyamba kuyang'anana kumeneko kuti walankhula ndani. Musavutane, palibe wa kwathu amene walakwa. Zaka ziwiri zatha chithawireni ku Lumbadzi ndi dzanja lija anandiwotcha ndi simbi, ndipo nonse mwasunga bodza lathu loti ndinapita ku Joni. Amayi, mayi wa Mvano wathunthu, ananamiza mkamwini wawo katatu konse maso ali gwa. Ngakhale atsibweni a Tobias, omwe akalawa pang'ono amaulula ndi za pa maliro a chaka chamawa, pa ichi chokha anatseka pakamwa. Wandiulula ndi kagalu ka m'foni.

Mukukumbukira kuti ndikakuyimbirani nambala yanga sinkaoneka, mpaka munkandinena kuti ndimayimba ngati mzukwa? Zinali ntchito za kagaluko. Nditangofika kuno n'kupeza malo osokera pakhonde la amama a Flora, eni nyumba anga, ndinafotokozera a Gomezgani, omwe amakonza mafoni pafupi ndi ife, mavuto anga onse. Iwo anandiikira kapulogalamu kakang'ono kokhala ndi chithunzi cha galu. Ntchito zake zinali ziwiri basi: kubisa nambala yanga ndikamayimba, ndi kukaniza nambala iliyonse imene ndakauza kuti ndi ya mdani. Ndinalembamo nambala khumi ndi imodzi, za a Fyson ziwiri, za abale awo, za mlongo wawo Rachael, ndi za anzawo aja amamwa nawo. Zonse ndinazitulutsa m'mutu, poti munthu amene umamuopa nambala yake suiiwala.

A Gomezgani anandiuza kuti kanapangidwa ndi anthu atatu okha a kunja, mmodzi mwa iwo ali mayi amene nayenso anasautsidwapo ndi mwamuna. Anati mndandanda wa nambalazo umakhala m'foni mwanga momwemo, supita kwa wina aliyense. Ndinamukonda mayi ameneyo osamuona. Zaka ziwiri ndagona tulo chifukwa cha iye.

Kenaka anthu atatu aja anagulitsa kagalu kathu kwa kampani yaikulu, ija pulogalamu yake imabwera kale m'mafoni atsopano n'kumakuuzani dzina la amene akuyimba. Ine sindinamve kalikonse. Ndani akanandiuza? Ndinangoona mu Meyi galu uja wasowa, pamalo pake pabwera chizindikiro chabuluu chonyezimira. Sabata imeneyo ndinali ndi madiresi asanu ndi atatu a operekeza mkwatibwi, mapini ali kukamwa, mayi wa mkwatibwi ataima pamutu panga. Ndinatsegula foni kuti ndione chithunzi cha sitayilo, ndiye panatulukira chizungu chambirimbiri cha tizilembo tating'ono ngati nyerere, chosachoka mpaka utadina batani la pansi. Ndinadina ndi chala chachikulu n'kupitiriza kudula nsalu. Achemwali, akuti pamenepo ndiye ndinavomera.

Ndinavomera chiyani? Mverani. Kampaniyo inatenga mndandanda wanga uja, wa anthu amene ndinawathawa, n'kuuwerenga ngati mndandanda wa anthu odziwana nane. Makina awo sasiyanitsa mnzako ndi munthu amene anakuwotcha ndi simbi. Iwo angoona kuti nambala iyi ikuidziwa nambala iyo, basi ndi abwenzi, tiwalumikize. Ndiye pa foni ya a Fyson panatuluka uthenga wowauza kuti mwina munthu uyu mukumudziwa, pansi pake nambala yanga.

Dzina lomwe linali pamenepo si ine ndinalilemba. Analitenga m'mafoni a makasitomala anga, momwe iwo anandisungira kuti asandisokoneze ndi a Kettie ena. Akuti linalembedwa kuti Kettie Telala Luwinga Kwa Flora. Munthu angafunenso chiyani? Kunangotsala kuwatumizira kondakitala woti awanyamulire chikwama.

Lachinayi masana kunabwera foni ya nambala yachilendo. Ndinayankha mwaulemu ndithu, poganiza kuti ndi kasitomala. Anali a Fyson. Anayamba ndi kutchula dzina lija lonse, pang'onopang'ono, ngati akuwerenga chikwangwani. Kenaka anafunsa ngati ku Joni kwake n'kumeneku, ndiponso ngati telala wake amasokanso mathalauza a amuna, chifukwa iwo akufuna kubwera kudzayezetsa. Anaseka kuseka kuja mukukudziwa. Anamaliza ndi kunena kuti amva kuti mwana akupita kutchuthi, ndipo msewu ndi wautali kuti mwana ayende yekha. Ndinangokhala pansi pasimenti, makasitomala awiri akundiyang'ana.

Amama a Flora ndiwo anandidzutsa. Anathamangitsa makasitomala aja, anandilowetsa m'nyumba, n'kuitana a Gomezgani. Munthu wamkulu uja atamva, anavula chipewa n'kumangopepesa m'Chitumbuka kuti phepani chomene, phepani chomene, ngati ndi iye walakwa. Anati nawonso nkhani ya kugulitsayo anaiona mochedwa, ndipo anaikhulupirira chifukwa eni ake analonjeza kuti palibe chidzasinthe. Anandionetsa chithunzi cha anthu atatu aja pa foni yawo. Atatu onse aimirira kutsogolo kwa nyumba ya magalasi, mano onse pamtunda, akuti asangalala kulowa m'banja lalikulu. Mayi uja ali pakati, wavala jekete labwino lofiira. Ndinamuyang'anitsitsa nthawi yaitali. Ndinkafuna ndione ngati pankhope pake pali chilichonse chosonyeza kuti akukumbukira anthu ngati ine. Sindinachipeze.

Mwina nayenso anatopa, mwina ali ndi ana ofuna sukulu. Zimenezo ndikuzimvetsa, inenso munthu atabwera ndi mtengo wabwino makina anga osokerawa ndikhoza kugulitsa. Koma ndikagulitsa makina sindiperekera limodzi kope la miyeso ya azimayi a mu Luwinga kuti wogulayo azikawerenga pamsika. Iye anagulitsa galu pamodzi ndi fungo la pakhomo panga. Chimenechi ndiye chikundiwawa, ndipo sindimukhululukira msanga.

A Gomezgani analembera kampaniyo m'chizungu chawo chabwino, kufotokoza zonse, ngakhale za dzanja. Yankho linabwera tisanamalize n'komwe kumwa tiyi, kusonyeza kuti palibe munthu anawerenga. Anatithokoza chifukwa chowalembera. Anati chitetezo changa n'chofunika kwambiri kwa iwo. Anatikumbutsa tsiku ndi ola lomwe ndinadina batani lija. Ndipo anati ngati ndikufuna kuti dzina langa lichotsedwe, nditumize chithunzi cha chiphaso changa ndi cha nkhope yanga, kenaka ndidikire masiku makumi atatu. Mwamva? Kuti andibise akufuna ndiwapatsenso nkhope. Amama a Flora anatukwana m'Chitumbuka mawu oti ngakhale ine, wa zaka ziwiri kuno, sindinawamvepo.

Ndinafunsa ngati kulibe kagalu kena koti tiike. A Gomezgani anati tinalipo tiwiri tabwino, koma kamodzi kanagulidwa ndi kampani yomweyo chaka chatha n'kutsekedwa, kenako sikagwira pa foni yakale ngati yanga. Anati masiku ano kanthu kakangoyamba kukondedwa ndi anthu, akuluakulu amabwera ndi chikwama. Ndiye ife a mafoni osweka galasi tizithawira kuti?

Kupolisi ndinapita Lachisanu. Analemba zonse n'kundipatsa nambala yoti ndiyimbe akangoonekera. Ndinathokoza, koma inu ndi ine tikuwadziwa a Fyson. Saonekera, amangofika.

Choncho ndikuchoka pano. Makina apita kale pa kabaza dzulo, mutu wokha, thebulo ndalisiya. Amama a Flora andipezera malo kwa abale awo, ndipo dzina la malowo sindilemba m'kalata muno. Si kuti sindikukhulupirirani, koma chimene simukuchidziwa palibe angakukakamizeni kuchinena. Makasitomala amene ndawasonkhanitsa mmodzimmodzi zaka ziwiri ndikuwasiya osatsanzika, poti ndikawapatsa nambala yatsopano adzandisunganso m'mafoni mwawo ndi dzina ndi malo, ndipo zidzayambiranso. Taganizani, telala woopa kuti anthu angamudziwe. Ndikadya chiyani, sindikudziwa.

Pempho langa ndi lomwe lija. Tamara akhale. Musamupereke kwa munthu aliyense wonena kuti ndamutuma ine, ngakhale atakhala wa mpingo. Kusukulu apite ndi ana anu, abwere ndi ana anu, ndipo alamu akawauze aphunzitsi kuti wotenga mwana ndi inu nokha. Atsibweni, monga nkhoswe, adziwe zonsezi lero lomwe. Ngati ayambanso zija zoti tikhale pansi tikambirane, muwakumbutse kuti dzanja langa analiona ndi maso awo.

Mafoni anu nawonso muwaonetse kwa wodziwa. Ngati muli chizindikiro chabuluu chija, dzina langa mulifufute. Mukadzalandira nambala yatsopano kudzera kwa mayi amene wabweretsa kalatayi, muisunge pamtima kapena papepala.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze mwapang'onopang'ono, atakhala pansi. Muwauzenso kuti bodza lawo silinapite pachabe, linandipatsa zaka ziwiri. Moni kwa alamu, kwa atsibweni ndi azakhali, kwa ana anu onse, ndi kwa apongozi anu ngati akadali komweko.

Kwa Tamara sindikudziwa kuti munene chiyani. Mwezi wathawu anandiuza pa foni kuti akuwerenga masiku ndi timiyala m'chitini, tsiku lililonse kutaya kamodzi. Musamuuze kuti ndi chifukwa cha bambo ake, akadali mwana. Musamuuzenso kuti ndatanganidwa ndi ntchito, angaganize kuti madiresi a anthu ndi ofunika kuposa iye. Muuzeni kuti amayi ake akumufuna kwambiri, ndipo zimenezo si bodza.

Malo a sitandade 4 ndinali nditamupezera kale kuno. Yunifolomu ndinasoka potengera chingwe cha mfundo zitatu chija munanditumizira mutamuyeza, ndipo ndaitenga pamodzi ndi zovala zanga. Usiku wathawu ndinaimasula mpendero n'kuupindanso waukulu, wa zala zinayi, kuti adzaipezebe ikumukwana. Ndikupempha kuti pa Khirisimasi mudzamuyezenso, munditumizire chingwe china.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,
Kettie