Wamanzere wa Nambala 14

Las Vegas
19 Julaye

Okondedwa Amayi,

Landirani moni kuchokera kuchipululu kuno, komwe dzuwa limawotcha ngati munthu unalilakwira. Kaya inu muli bwanji, nanga bondo lija? Achemwali a Renita andiuza kuti mukumakwerabe masitepe a kutchalitchi osagwira chitsulo, ati mukuopa kuti anthu aziti mwakalamba. Gwirani chitsulocho, Amayi, sichiluma. Ine kuno ndili bwino, ndikudya, ndikugona, palibe chathyoka.

Ndikudziwa kuti mwandikwiyira. Mwaimba foni kasanu ndi kawiri, ine osayankha. Si mwano ayi. Vuto ndi lakuti inu ndi ine pafoni sitimaliza nkhani: ndikangoti "Amayi", inu mwafika kale pa ndime yachitatu. Ndiye ndagula pepala kuti kamodzi kokha ndilankhule mpaka kumapeto. Chomwe ndikupempha ndi chimodzi, ndipo ndichitchuliretu kuti musawerenge mtima uli m'mwamba. Ndikufuna chikalata changa chakubadwa, chija mumasunga m'chitini cha mabisiketi pamwamba pa kabati ya zovala. Ndikufuna kupangitsa pasipoti. Musaing'ambe kalatayi, werengani kaye.

Choyamba ndipepese za tsiku lija. Munaitana theka la mpingo kudzaonera pa TV matimu akuluakulu a basiketibo akusankha anyamata a m'makoleji. Munakazinga milamba yodzaza mabeseni awiri, mpaka kuphika keke yolembedwa dzina langa. Mayina makumi asanu ndi limodzi anatchulidwa, limodzilimodzi, langa osamveka. Ndinaona abusa akuyang'ana nsapato zawo, anthu akutsanzika motsitsa mawu ngati akuchoka pamaliro. M'mawa mwake ndinanyamula chikwama osakutsanzikani. Anali manyazi, Amayi, palibenso china. Zaka zinayi ndakhala ndikuuza tauni yathu yonse ya Belzoni kuti dikirani muone, ndiye anaonadi.

Ndamvanso zomwe munauza amalume a Lonnie, kuti mpira wakana, mwana abwere adzayambe ntchito yomwe amupezera ku fakitale ya milamba. Amalumewo muwathokoze. Ntchitoyo sindikuinyoza, poti inu mwatilera ndi mpeni wa ku fakitale komweko. Koma tamvani kaye zomwe zachitika kuno.

Tonse amene sitinasankhidwe timathamangira kuno mwezi uno. Kuli mpikisano waukulu umene amaonetsa pa TV, koma kumeneko sanandiitane. Ine ndili ku waung'ono, m'holo ya sukulu ina ya sekondale, momwe anyamata oposa zana timasewera kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Ochemerera kulibe. M'mabenchi mumangokhala azibambo ochokera ku matimu a ku Ulaya, aliyense pepala ndi cholembera m'manja, kusaka osewera oti akawalembe ntchito. Majezi athu alibe mayina, ali ndi manambala okha. Azibambowo akafuna kudziwa kuti uyu ndani, amayang'ana nambalayo papepala lawo. Chimenechi muchisunge, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa.

Kaseweredwe kake ndi komvetsa chisoni. Aliyense akufuna kuoneka, ndiye mpira ukangofika m'manja mwa munthu, iwalani, subweranso. Mnyamata wina wa ku Ohio ndinamufunsa ngati kwawoko kupatsira mnzako mpira ndi tchimo. Anandiyankha kuti zopatsiranazo ndi za anthu olembedwa kale ntchito.

Chipinda ndikugona ndi Tavion Pruitt wa ku Alabama, chimnyamata cha thupi ngati fuliji, pakamwa posatseka. Ali ndi kamwana kakakazi ka miyezi isanu ndi itatu, ndipo chithunzi chake amaonetsa aliyense, ngakhale oyendetsa basi. Tsiku loyamba atatipatsa majezi, ine ndinalandira nambala 31, iye 14. Yakeyo inamuthina mpaka kulephera kutsitsa manja, yanga inandifika m'mawondo ngati diresi lanu la pa Isitala. Tinangosinthana pomwepo tikuseka. Palibe mmodzi wa ife amene anaganiza zokauza mayi amene ankalemba mayina ndi manambala athu. Mitu iwiri, Amayi, yonse yophunzira ku koleji zaka zinayi, koma nzeru osadzaza supuni.

Masiku atatu otsatira ndinasewera mpira umene sindinausewerepo chibadwire. Poti mpira sankandipatsa, ndinkadzitolera ndekha ukaphonya dengu, ndipo munthu amene ndauzidwa kuti ndimulondere ndinkamukakamira mpaka kutukwana. Tsiku lachitatu ndinamwetsa mapointi 22. Pamene Tavion anali atadya nyama ya m'mbali mwa msewu imene ndinamuletsa, m'mimba mukuchita zake, akuthamanga wefuwefu ngati wasenza thumba la simenti. Ndiye taganizani. Papepala la azibambo aja, Cordell Whitlow mwana wanu ndiye anali chimunthu chotopa chija, pamene Tavion Pruitt ndiye anali kuuluka. Ife osadziwa kanthu.

Lachinayi masana foni ya Tavion inalira. Anali bambo wina, a Branimir, mkulu wa timu ina ya ku Croatia, akuti ali pansi pa motelo yathu ndipo akufuna kuonana ndi Pruitt. Tavion anasita malaya, kudzola mafuta onunkhira anga osapempha, n'kutsika. Ine ndinatsala pabedi. Ndinamukondwerera, komabe ndisaname, nsanje inanditulutsa misozi.

Sipanathe theka la ola, chitseko chinagogodedwa mwamphamvu. Ndi Tavion. Anangoti, "Iwe wa makutu aakulu, vala nsapato utsike. Pukutanso nkhopeyo, ukundichititsa manyazi."

Zomwe zinachitika pansipo anandifotokozera pambuyo pake. A Branimir anali atangofika m'mawa womwewo ndipo masewera athu sanawaone. Amene anaonera ndi wothandizira wawo, yemwe anali atapita kale ku mzinda wina n'kuwasiyira kapepala. Ndiye anayala patebulo mgwirizano wa chaka chathunthu, nyumba yogona yomwe, n'kumupatsa Tavion cholembera. Kenaka, pofuna kumusangalatsa, anayamba kumuwerengera kapepala kaja: nambala 14, wamanzere, satopa, salankhulalankhula. Tavion akuti pa "wamanzere" anadabwa, pa "satopa" anayamba kukayika, koma atamva "salankhulalankhula" anadziwiratu kuti munthu akunenedwayo si iye.

Amayi, akanatha kusaina. Palibe akanamugwira tsiku limenelo, ndipo podzazindikira akanakhala ali kale kutsidya. Iye mwini wandiuza kuti cholemberacho anachigwira nthawi ndithu, akuona nkhope ya kamwana kake. Kenaka anachiika pansi n'kuwauza kuti, "Bwana, munthu wanuyo ali m'mwambamu, akulira. Ine lamanzereli ndimangokandira kumsana."

A Branimir sanakhulupirire, ankayesa kuti tapangana zowachenjerera. Nditatsika sanandipatse n'komwe moni. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenaka mwadzidzidzi anandigenda kumaso ndi makiyi a galimoto. Ndinawawakha osaganiza. Anayang'ana dzanja lomwe lagwira makiyiwo n'kunena kuti ndi yemweyu. Ndi dzanja lomwe lija, Amayi, limene munkalimenya ndi supuni patebulo, mukuti mwana wa m'nyumba ya Chikhristu sadyera lamanzere. Mwamwayi silinkamva.

Lachisanu anabwera kudzandionera okha, atakhala kutsogolo penipeni. Ndinaphonya kawiri koyambirira, koma kenaka zinayenda. Masewera atatha anandiitana, natulutsa pepala lija, kufufuta dzina la Tavion pa nambala 14, n'kundiuza kuti nditchule langa chilembo chimodzichimodzi. Atamaliza kulemba analiwerenga mokweza, lilime lawo likukana, mpaka linatuluka kuti Kordel Vitlov. Sindinawakonze. Chaka chonse chino aka kanali koyamba munthu wa mpira kutchula dzina langa, ndipo ndinalimva kukoma ngakhale linali lopindika.

Tavion ndinamufunsa chifukwa chake anachita zimenezi. Anandibwezera funso, akuti ukanakhala iwe ukanatani. Kunena zoona sindikudziwa, ndipo zimenezi zikundisautsabe. Iye anangoseka, akuti ndikakafika ndikawauze kuti kuno kwatsala fuliji ina yabwinobwino, yongofuna kuilumikiza kumagetsi. A Branimir apereka dzina lake kwa mnzawo wa timu ina ya ku Romania, ndipo akamuyesa Lachiwiri. Mumuike m'mapemphero anu a Lachitatu aja, mumutchule dzina lonse. Paja mumati mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Tsopano nayi nkhani ya chikalata. A Branimir akufuna nambala ya pasipoti yanga pofika pa 5 Ogasiti. Ikapanda kufika, atenga mnyamata wotsatira pamndandanda wawo, ndipo anena mosabisa kuti mndandandawo ndi wautali. Ku ofesi ya mapasipoti andiuza kuti akhoza kundipangira mwachangu, koma akufuna chikalata chenichenicho, osati chojambula. Kuitanitsa china ku boma kungatenge masabata amene ndilibe. Kubwera ndekha kudzatenga sindingathe, chifukwa sabata ino madokotala a timuyo akundiyeza mawondo ndi mtima. Mukachipereka kwa achemwali pofika Lachisanu, iwo akudziwa kotumizira kuti chifike kuno m'mawa mwake.

Ndikuuzeninso ichi, koma musawakalipire. Achemwali anadzipereka kuti akhoza kukwera pampando n'kutsitsa chitinicho inu muli ku kwaya, osadziwa kanthu. Ndakana. Mnzanga wakana kuwoloka nyanja ndi dzina lakuba, ndiye ine sindingawoloke ndi pepala lakuba.

Ndikudziwa chifukwa chake mawu oti nyanja simufuna kuwamva. Bambo anapita kukagwira ntchito pa zitsime za mafuta za pakati pa madzi, akuti miyezi isanu ndi umodzi yokha, ndipo anabwera m'bokosi. Ndinali wamng'ono koma ndikukumbukira. Sindingakulonjezeni kuti palibe chingandichitikire, poti ngakhale mpeni wa ku fakitale umadula anthu zala. Chomwe ndinganene n'chakuti ine ndikakhala pamtunda, pabwalo lamatabwa, ndikuchita chinthu chokhacho chimene ndimachidziwa bwino. Chiyankhulo chawo sindichimva, nanenso mantha ndili nawo. Koma mantha aakulu ndi oti ndidzafike zaka za amalume ndikuuzabe ana pakhonde kuti ndinatsala pang'ono.

Mukakana, ndibwera. Ndidzadandaula, mwina mwezi wathunthu osalankhula bwino, koma ndidzavala epuloni ya amalume ndipo sindidzakusungirani mangawa. Dzinali munandipatsa ndinu, ndipo pepala lake lili m'manja mwanu.

Mundiperekere moni kwa amalume a Lonnie ndi azakhali a Odessa, kwa achemwali ndi alamu anga a Dwight, ndi kwa adzukulu anu awiri aja, muwauze kuti asakhudze nsapato zanga za pansi pa bedi. Abusa muwauze kuti akhoza kudzutsa mutu tsopano, nsapato zawo zilibe mlandu.

Achemwali andiululiranso kuti keke ija simunaidule ndipo simunaitaye, munaikulunga n'kuiika m'fuliji, dzina langa likadali pamwamba. Chikalata chikafika ndipo zonse zikayenda, andipatsa masiku asanu ndisanakwere ndege, ndipo onsewo ndidzakhala kwathu. Mudzaitulutse. Ndidzaidula ndi lamanzere, inu mudzakhale pafupi ndi supuni yanu.

Ndine mwana wanu wothawa osatsanzika, amene tsopano akupempha kuti mumutsanzike,

Cordell